Kodi ku sekondale m'ma 1950 ankaphunzira chiyani, nanga Cambridge inkagwetsera pati anthu?

Kamtedza

Akuluakulu, ndithandizeni. Anthu akamakamba za sekondale za nthawi ya atsamunda amangoti "maphunziro anali akale", osafotokoza zomwe zinkachitika m'kalasimo. Ndikufuna zenizeni za kuyambira m'ma 1940 kufika kumayambiriro kwa m'ma 1960, dziko lino likutchedwa Nyasaland: maphunziro anali ati, mayeso a Cambridge ankayenda bwanji, ndipo ana akaweruka ankatani? Chomwe chimandizunguza kwambiri n'chakuti mwana wosankhidwa pakati pa anzake ambirimbiri, wanzeru zoonekeratu, ankalephera bwanji mayeso omaliza?

Choko Chakale

Achimwene, yambani mwadziwa kuti sekondale zinali zowerengeka ndi zala. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940 m'manja mwa mipingo ya Chipulotesitanti, Zomba Catholic inatsatira mu 1942, boma linadzatsegula yakeyake ku Dedza mu 1951, ndipo ya boma ya ku Mzuzu inabwera mu 1959. Khomo lolowera linali mayeso a Sitandade 6. Musaisokoneze ndi Sitandade 6 ya lero. Mwana ankayamba Sub A, Sub B, kenako Sitandade 1 mpaka 6, zonse pamodzi zaka 8 ngati sanabwereze. Koma ambiri ankayamba sukulu atakula, ena n'kubwereza dala kuti mwina chaka chamawa asankhidwa, n'chifukwa chake m'kalasi yoyamba ya sekondale munkapezeka anyamata ometa kale ndevu.

Zaka ziwiri zoyamba zinkathera pa Junior Certificate. Ambiri ankatsikira pomwepo n'kukalowa ukalaliki m'boma, uphunzitsi kapena ntchito za chipatala. Otsala ochepawo ndiwo ankapitiriza zaka zina ziwiri kuti alembe Cambridge School Certificate. Ofuna kukwera kuposa apo kawirikawiri ankatuluka m'dziko. Henry Chipembere, mwachitsanzo, atachoka ku Blantyre Secondary anapita ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, kenako ku Fort Hare ku South Africa. Ena ankalowera ku Makerere ku Uganda. Koleji ya ku Salisbury (Harare ya lero) inayamba kuphunzitsa mu 1957, pomwe University of Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965.

Maphunziro ake anali awa: English Language, English Literature momwe simunkalephera kukhala sewero la Shakespeare, masamu, General Science, mbiri yakale yomwe mbali yaikulu inali ya Britain ndi maiko omwe inkalamulira, jogalafe, Religious Knowledge ya Mauthenga Abwino ndi Machitidwe a Atumwi, ndi Chinyanja, poti dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa mu 1968. Latin ankaphunzitsidwa ku seminale ndi m'masukulu ena a mishoni.

Tsono yankho la chomwe chikukuzunguzanicho lili m'kapangidwe ka satifiketiyo. Sinali ya phunziro limodzilimodzi ayi, inali ya mtolo. Munthu ankalemba maphunziro osachepera 6 pa nthawi imodzi, ochokera m'magulu osiyanasiyana, ndipo English Language anali mwini mtolowo: ukamulephera, satifiketi yonse yapita, ngakhale masamu utakhoza mapeto. Ku England komweko dongosololi analisiya mu 1951 pobweretsa GCE yoti phunziro lililonse liziima palokha, koma kumaiko a kunja kuno School Certificate inapitirira. Mukaona lamulo la MSCE loti Chingerezi n'chofunika kukhoza kuti utenge satifiketi, mizu yake ndi imeneyi. Mayeso ankalembedwa mu November ndi December, mapepala n'kutumizidwa ku England, zotsatira n'kudzafika chaka chinacho patapita miyezi.

M'Chingerezimo chigwetsa-anthu chachikulu chinali précis. Ankakupatsa ndime yaitali kuti uifupikitse mpaka itsale gawo limodzi mwa magawo atatu: mawu 300 atsale 100. Njira yomwe ankaphunzitsa inali iyi. Werenga ndime yonse kawiri usanagwire cholembera. Lemba mfundo zikuluzikulu pambali, mwachidule. Tseka ndimeyo, ulembe kuchokera pa mfundo zako zija m'mawu akoako, ngati ukufotokozera munthu wina zomwe mwini nkhani ananena. Werenga mawu ako mmodzimmodzi, ulembe chiwerengero chake kumapeto. Ana ankagwera patatu: kukopera ziganizo zathunthu za m'ndimemo, kupyola chiwerengero cha mawu, ndi kulowetsamo maganizo awo omwe mwini ndime sananene.

Pa chimangirizo, zolakwa zambiri zinkachokera m'chilankhulo chathu chomwe, osati kuchepa nzeru. Ife tilibe timawu ta a ndi the, ndiye mwana ankatisiya kapena kutimwaza paliponse. "Iye" wathu ndi mmodzi, mwamuna kapena mkazi, ndiye he ndi she ankasinthana pakati pa nkhani. L ndi r kwa ife n'chimodzimodzi, kwa wochonga ku Cambridge ndi zilembo ziwiri. Onjezani apo kuti makalasi oyambirira a pulayimale mwanayu anaphunzira m'Chinyanja kapena m'Chitumbuka, pomwe wochongayo ankamuyesa ndi muyeso wa mwana wobadwa nacho Chingerezi. Ine ndimaona kuti apa m'pomwe dziko linataya anthu ambiri amene akanakhala madokotala ndi mainjiniya.

Tebulo la Malogo

A Choko Chakale mwalasa, koma musawachotsere mlandu masamu. Nawo ankadya anthu, ndipo ankadyera pa zinthu zomwe mwana wa lero sanazionepo.

Choyamba ndalama. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971. Kale lonse masamu a ndalama anali a mapaundi, masheleni ndi makobiri: makobiri 12 ndi sheleni imodzi, masheleni 20 ndi paundi imodzi. Tiki anali makobiri atatu. Tengani £3 17s 9d, kutanthauza mapaundi 3, masheleni 17 ndi makobiri 9, muchulukitse ndi 6. Makobiri: 9 kuchulukitsa ndi 6 ndi 54, mugawe ndi 12, mupeza masheleni 4, kutsala makobiri 6. Masheleni: 17 kuchulukitsa ndi 6 ndi 102, kuphatikiza 4 aja ndi 106, mugawe ndi 20, mupeza mapaundi 5, kutsala masheleni 6. Mapaundi: 3 kuchulukitsa ndi 6 ndi 18, kuphatikiza 5 aja ndi 23. Yankho ndi £23 6s 6d. Mwana wothamanga akaona 54 ankalemba 4 n'kusunga 5 monga amachitira pa manambala wamba, basi samu yonse yapita. Miyeso nayo inali yomweyo: mainchesi 12 pa phazi, mapazi atatu pa yadi, mayadi 1,760 pa mailosi imodzi, maaunsi 16 pa paundi ya sikelo, mapaundi 112 pa hundredweight. Mzere uliwonse unali ndi nambala yakeyake yogawira, ndipo zonsezo zinkayenera kukhala m'mutu.

Chachiwiri, kunalibe kakyuleta. Kuchulukitsa ndi kugawa manambala ovuta kunkadzera m'kabuku ka malogarithm a manambala anayi. Kuti mupeze 37.2 kuchulukitsa ndi 4.85: log ya 37.2 ndi 1.5705, log ya 4.85 ndi 0.6857, kuphatikiza mupeza 2.2562. Mupite ku tebulo la antilog ndi .2562, likupatsani 1804. Nambala 2 ya kutsogolo ija ikukuuzani kuti kadontho kasanafike pakhale manambala atatu, ndiye yankho ndi 180.4. Tebulo limangopereka za kuseri kwa kadontho. Nambala ya kutsogoloyo umaika wekha poyang'ana kukula kwa nambala yako. Apa m'pomwe pankatuluka 18.04 kapena 1804. Mphunzitsi wabwino ankakakamiza ana kuyamba ayerekeza: 37 kuchulukitsa ndi 5 ndi 185, ndiye yankho likatalikira pamenepo, bwerera. Kwina komwe ankagwa kawirikawiri n'kutsegula tebulo la log pomwe akufuna la antilog, poti masamba ake amaoneka ofanana. Nambala ikakhala yochepera 1, ya kutsogolo ija imakhala ndi kamzere pamwamba, kusonyeza kuti iyo yokha ndi yochotsera pomwe za kuseri kwa kadontho ndi zophatikiza, ndipo kuphatikiza zoterezi kunkafuna mutu wozizira.

Jometile inali ya maumboni. Sunkangopereka yankho, unkalemba zomwe wapatsidwa, zomwe ukufuna kutsimikiza, mizere yomwe wawonjezera, kenako umboni mzere ndi mzere, uliwonse ndi chifukwa chake pambali. Oloweza pamtima ankagwidwa mosavuta: wofunsa akangotembenuza chithunzi n'kusintha zilembo za m'makona, zonse zinkabalalika. Pojambula ndi kampasi, timizere tothandizira sankafufuta, chifukwa malikisi anali pa timizere tomweto.

Sayansi inali General Science, kutanthauza fizikisi, kemisitile ndi bayoloje m'phunziro limodzi. Pomwe panalibe gasi ankatenthetsera pa nyali ya sipiriti. Zoyesera ziwiri zomwe pafupifupi aliyense anadutsamo ndi izi. Kupanga oxygen: potassium chlorate wosakaniza ndi manganese dioxide pang'ono m'chubu cha galasi lolimba, kutenthetsa, mpweya n'kudzera m'kapaipi kukalowa m'botolo lozondotsa m'madzi. Thovu loyamba umalitaya poti ndi mpweya wamba womwe unali m'chubumo. Pomaliza umayamba watulutsa kapaipi m'madzi, kenako n'kuchotsa moto. Ukasemphanitsa, chubu chikamazizira chimayamwa madzi, madzi ozizira n'kugunda galasi lotentha, phwaa! Kuyesa sitachi m'tsamba: liviike m'madzi owira kwa mphindi imodzi, uliike m'chubu cha sipiriti, chubucho uchiimike m'madzi otentha moto utazimitsa chifukwa sipiriti sachedwa kuyaka, tsamba likayera ulitsuke m'madzi kuti lifewe, kenako udonthezere ayodini. Pomwe pali sitachi pamada bii mobiriwira. Chomera chikapanda kukhala mu mdima masiku awiri chisanayesedwe, tsamba lonse limada ndipo palibe chomwe watsimikiza.

Kanthu kena kakang'ono: zonsezi zinkalembedwa ndi inki. Ambiri anali ndi cholembera cha nibu choviika, inki yake yosungunula kuchokera ku ufa. Ikachuluka madzi imatuwa, ikachepa madzi imagwirana pa nibu n'kudontha. Nibu yatsopano imabwera ndi timafuta toiteteza ku dzimbiri, ndiye usanaipukute inki siigwira. Dontho limodzi pakati pa samu ya malogo linkatha kubisa kadontho kenikeni.

Mluzu wa Lachitatu

Ine nditenge za kunja kwa kalasi, poti sekondale zimenezi zinali zogonera komweko ndipo tsiku lonse linkayendera belu. Ana ankagawidwa m'manyumba omwe ankapikisana pa mpira, liwiro ndi ukhondo, ndipo mapulifekiti ndiwo ankayendetsa zambiri: kudzutsa anthu, kuyendera mabedi, kuyang'anira pulepu, kulemba maina a olakwa. Ntchito zamanja sizinali chilango chokha, zinali pa ndandanda: kusesa, kutchetcha ndi chikwakwa, kulima dimba la sukulu.

Pulepu ya usiku, pomwe magetsi kunalibe kapena injini yafa, inkadalira nyali ya Tilley, ndipo kuiyatsa kunali luso. Umathira palafini osadzaza thanki kuti mpweya upeze malo. Umaviika kachingwe kake mu sipiriti, kukakoleka pa kapaipi ka pakati, n'kuyatsa. Umadikira mpaka sipiriti atatsala pang'ono kuzima, ndiye n'kutsegula ndi kupopa. Wopupuluma akapopa kapaipi kasanatenthe, palafini amakwera ali wamadzi, moto wachikasu n'kulilima, galasi ndi kansalu koyaka kaja bii ndi mwaye. Kansaluko kakangopsa koyamba kamasanduka phulusa loumbika, ndiye kungogunda nyali pa desiki kamayoyoka, kalasi yonse mu mdima.

Mtsutso ndiwo unali mtima wa zochitika za madzulo, ndipo unkagwirizana ndi zomwe anena a Choko Chakale: unali malo ophunzirira kuganiza m'Chingerezi uli chiimire. Pankakhala wapampando, mutu wa mtsutso, woyambitsa ndi womuthandiza, wotsutsa ndi womuthandiza. Woyambitsa amayamba, wotsutsa n'kuyankha, othandiza n'kutsatira, kenako bwalo limatsegulidwa kwa onse, atsogoleri awiri aja n'kumanga mfundo zawo, anthu n'kuvota. Wolankhula aliyense amalankhula kwa wapampando, osati kwa mnzakeyo. Mtsutso umafa pomwe olankhula abwera ndi zoloweza zodzaza mawu akuluakulu a m'dikishonale, aliyense n'kunena zake osayankha zomwe mnzake wanena. Kumbukirani kuti izi zinkachitika m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo pa 3 March 1959 boma linalengeza za State of Emergency. Anyamata ozolowera kuima n'kutsutsa mfundo mwadongosolo sakanalephera kuiona nkhani ya chitaganya ngati mutu wa mtsutso.

Kwaya inkaphunzira ndi tonic sol-fa, d r m f s l t, m'mawu anayi, zolembedwa pa bolodi. Masikauti ankayenda m'timagulu ta anyamata 6 mpaka 8, kukwera kuchoka pa Tenderfoot kupita Second Class mpaka First Class, kuphunzira mfundo za chingwe, kuthandiza wovulala, kuwerenga mapu ndi kampasi.

Mpira unali wachikopa, wa chubu m'kati ndi chingwe chomangira pakamwa. Ukapopa umapinda kamlomo ka chubu, kukamanga, kukalowetsa pansi pa chikopa, n'kusoka chingwe mosasiya mfundo kunja, apo ayi womenya ndi mutu achoka ndi bala pamphumi. Mvula ikagwa chikopa chimamwa madzi mpira n'kulemera, n'chifukwa chake ankaupaka mafuta a dubbin n'kuuumitsa pamthunzi, osati pamoto pomwe chikopa chimauma gwa n'kung'aluka. Kaimidwe kofala kanali 2-3-5, kutsogolo anthu asanu, ndipo kusintha osewera kunalibe: wina akavulala mumatsala 10.

Liwiro linali la mayadi: 100, 220, 440, 880 ndi mailosi imodzi. Bwalo lozungulira linali mayadi 440, ndiye kuzungulira kanayi ndi mailosi. Mizere ankaithira laimu wosungunula, makona a bwalo la mpira n'kuwongola ndi chingwe chopindidwa m'mbali zitatu za miyeso 3, 4 ndi 5, chomwe chimapereka kona ya sikweya. Polemba njira za othamanga, cholakwika chofala chinali kuwaimika onse pa mzere umodzi pa 220 ndi 440. Njira ikakhala yotambalala mapazi 4, wa kunja amathamanga pafupifupi mapazi 25 oposa mnzake wa m'kati pa kuzungulira kumodzi, ndiye poyambira pake payenera kusunthidwa kutsogolo ndi muyeso womwewo pa 440, ndi theka lake pa 220. Aphunzitsi a masamu ochenjera ankatulutsa kalasi kukawerengera zimenezi pabwalo pomwepo.

Nasingano

Abambo inu mwafotokoza bwino, koma zonse mwanenazi ndi za anyamata. Atsikana ofika ku sekondale m'zaka zimenezo anali ochepa zedi, ndipo sukulu za sekondale za atsikana okhaokha zinadzachuluka m'ma 1960. Ambiri ankathera ku pulayimale, ena n'kupita ku uphunzitsi kapena unamwino. Chinkawatsekereza si mayeso okha: fizi ikachepa pakhomo inkapita kwa mnyamata, sukulu za Sitandade 4 mpaka 6 zinali kutali, ndipo woyamba sukulu mochedwa ankafika Sitandade 6 anthu akumufunsira kale.

Pomwe atsikana ankaphunzira, pa ndandanda pankakhala Domestic Science ndi zosoka, ndipo musaziyese zopepuka. Pa zosoka mwana ankayamba ndi kansalu kosonyezera masokedwe: kulunzitsa, kubwereza m'mbuyo, kupinda m'mphepete, chibowo cha batani, kenako chigamba. Chigamba chinali muyeso weniweni. Nsalu yachigamba iyenera kuchapidwa kaye ngati ndi yatsopano, apo ayi idzafupika pochapa n'kukoka chovala. Ulusi wa nsalu yachigamba uyende mbali imodzi ndi ulusi wa chovalacho. Umasoka kaye kunja, kutembenuza, kudula pong'ambikapo mwa makona anayi, kucheka pang'ono m'makona kuti mupindike bwino, n'kupinda. Woyesa ankatembenuza chovala kuyang'ana kuseri, osati kumaso.

Pochapa ndi kusita, zoyera zinkasiyanitsidwa, kuviikidwa m'madzi a buluu, za sitachi n'kusitidwa zikadali ndi chinyezi. Simbi yamakala umaiyesa kaye pa kansalu kena, umapukuta pansi pake, ndipo suikupiza pamwamba pa chovala poopa phulusa ndi timakala totuluka m'mabowo. Chomwe ndimadandaula nacho n'chakuti nthawi ya maphunzirowa kawirikawiri inkadya ya masamu ndi sayansi, ndiye mtsikana wofuna udokotala ankapeza khomo lotseka asanalembe n'komwe mayeso.

Kamtedza

Zikomo kwambiri nonse, mayi mwanditsegula maso. Nanga anyamata analibe zamanja zawo zolowa m'kalasi? Ndipo zinthu zinayamba kusintha liti?

Choko Chakale

Zinalipo, achimwene. Mishoni zinali ndi mwambo wakale wophunzitsa ukalipentala ndi zomangamanga, monga ku Livingstonia kuyambira 1894, ndipo Dedza inayamba ndi mbali ya ntchito zamanja pambali pa maphunziro a m'kalasi. Pa ukalipentala mwana sankayamba ndi mpando ayi. Ankayamba ndi kupala thabwa: mbali imodzi iwongoke n'kuikidwa chizindikiro, m'mphepete mwake mukhale sikweya ndi mbali ija, ndipo miyeso yonse ichokere pa mbali ziwiri zimenezi. Akatha apo ndiye majointi. Pa mortise and tenon, jointi ya lilime la thabwa lolowa m'bowo la thabwa linzake, lilime limakhala gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa thabwa, ndipo sowo imadutsa kumbali yotaya ya mzere. Ukadula pa mzere penipeni, sowo imadya thabwa lako jointi n'kukhala khwekhwerere. Bowo umaliboola ndi tchizulo kuchokera mbali zonse ziwiri kuti thabwa lisanyotsoke potulukira. Guluu anali wa zikopa ndi mafupa, woviika usiku n'kusungunulidwa m'kapoto kokhala m'poto wina wa madzi otentha. Ukamuika pamoto mwachindunji amapserera n'kutha mphamvu, ndipo akazizira usanamange jointi sagwiranso. Vuto linali lakuti ana ndi makolo ankaona kuti malipiro abwino ali ku ukalaliki, ndiye mbali ya zamanja ankaiona ngati ya otsalira.

Kusintha kunayamba chisankho cha 1961 chitachitika, Kanyama Chiume atakhala nduna ya zamaphunziro. M'ma 1960 sekondale zoyendera zinatsegulidwa m'maboma ambiri, aphunzitsi a Peace Corps ochokera ku America anayamba kufika mu 1963 kudzathandiza poti aphunzitsi a kuno anali ochepa, ndipo Malawi Correspondence College inayamba mu 1965 kuti osasankhidwa aziphunzira kudzera m'makalata ndi pa wailesi. Cambridge inapitirira kulembedwa mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1970 pomwe mayeso athuathu a Malawi Certificate of Education (MCE) analowa m'malo mwake.

Mukapeza satifiketi ya nthawi imeneyo, yang'anani zinthu ziwiri: divishoni yake, yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu, ndi maphunziro omwe alembedwa kuti credit. Makoleji ankawerenga ma credit, osati pass wamba, ndipo ankayamba ayang'ana ngati pakati pa ma credit amenewo pali English Language.